Makalata a Omvera: Kuzindikira Kuti Ukulota Uli M'tulo

Omvera athu a ku Mulanje, Thyolo ndi madera oyandikana nawo, takulandirani ku gawo la makalata. Sabata yatha tinakhudzako nkhani ya maloto amene munthu amazindikira kuti akulota asanadzuke, amene pa Chingerezi amawatcha lucid dream, ndipo makalata abwera ochuluka moti ndasankhapo atatu okha.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene amathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Chitakale. Akuti: "Ndinalota ndikuwoloka Likhubula madzi atasefukira. Pakati pa mtsinje ndinaona malemu amalume ataima pamwala, ndipo ndinadziuza kuti awa ndi maloto, popeza amalume tinawaika m'manda kalekale. Komabe ndinapitiriza kuopa madziwo mpaka ndinadzuka thukuta lili kamukamu. Ngati ndinadziwadi kuti ndikulota, manthawo anachokera kuti?"

Bambo, funso lanu lafika pachimake penipeni pa nkhaniyi. Kuzindikira kwa m'maloto sikubwera konse nthawi imodzi, kumavundukuka ngati phiri la Mulanje tsiku la chiperoni, pamene umayamba waona tsinde lokha nsonga ya Chambe idakali m'nkhungu. Poyambirira pamakhala kukayika chabe: munthu amaona chinthu chosayenera kukhalapo, nadzifunsa ngati ali maso, koma malotowo amam'patsa chifukwa chabodza ndipo iye amavomera. Inu munapitirira pamenepo, pakuti munanena ndithu kuti awa ndi maloto. Chimene chinatsala ndi chakuti chidziwitsocho sichinafike pa madziwo: munazindikira kuti amalume ndi a m'maloto, koma mtsinje munautengabe ngati weniweni. Anthu ambiri amaima pamenepa, ndipo si kulephera ayi.

Kuzindikira kokwanira kumafika pamene wolota akukumbukira kuti thupi lake lagona m'nyumba, akudziwa dzina lake ndi zimene anachita dzulo, ndipo akumvetsa kuti madziwo sangamumize, choncho angathe kusankha kuima n'kulankhula ndi amalumewo. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Paul Tholey, anandandalika zizindikiro zisanu ndi ziwiri za kuzindikira kotere, ndipo zina mwa izo ndi kukumbukira moyo wa masana ndi kudziwa kuti uli ndi ufulu wosankha. Ndiwonjezepo kuti kuzindikira ndi kulamulira maloto n'zosiyana. Mungadziwe bwino lomwe kuti mukulota, mtsinje n'kukana kuphwa ngakhale mutaulamula.

Kalata yachiwiri ndaiwerenga kangapo ndisanabwere nayo kuno. Yachokera kwa mayi wa ku Luchenza, ndipo akuti: "Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anatiuza kuti akazindikira kuti akulota amauluka dala pamwamba pa minda ya tiyi. Agogo ake atamva anangoti kukamwa yasa, ndipo tsopano akunena kuti pali amene akum'phunzitsa ufiti. Mtima wanga suli m'malo."

Mayi, ndikupempheni ndi mtima wonse kuti mwanayu musamuyang'ane ndi diso lina. Ndikuwamvetsa agogo, chifukwa kwathu kuno mawu akuti kuuluka usiku ndi olemera, koma zimene wanenazo n'zodziwika padziko lonse, ndipo kuuluka ndi chimodzi mwa zinthu zimene olota mozindikira amakonda kuyesa. Dokotala wa ku Netherlands, Frederik van Eeden, ndiye anapereka dzina la maloto amenewa m'chaka cha 1913. Mu 1975, pa yunivesite ya Hull ku England, Keith Hearne anapangana ndi munthu wina kuti akangozindikira kuti akulota ayendetse maso kumanzere ndi kumanja mwa dongosolo, ndipo makina anajambula chizindikirocho munthuyo ali m'tulo pabedi. Stephen LaBerge wa pa yunivesite ya Stanford ku America anapezanso zomwezo patapita zaka zochepa. Zimenezi zimatheka chifukwa m'gawo la tulo lotchedwa REM, mmene timalota kwambiri, minofu ya manja ndi miyendo imalefuka koma maso amayendabe. Kafukufuku wa mu 2016 amene anaphatikiza zofufuza za zaka 50 anapeza kuti anthu 55 mwa 100 alionse analotapo chonchi kamodzi pa moyo wawo, ndipo 23 zimawachitikira mwezi ndi mwezi. Mwana wanu thupi lake silichoka pamphasa. Khalani pansi ndi agogo mwaulemu, muwafotokozere zimenezi mphekesera isanatuluke pakhomo, pokumbukiranso kuti lamulo la dziko lino limaletsa kunenera munthu ufiti.

Yomaliza yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Muloza, amene akuti zimawachitikira mwina kamodzi pachaka, ndipo akufunsa chimene angachite kuti zizichitika kawirikawiri.

Aphunzitsi, yambani ndi kope ndi cholembera pafupi ndi pilo. Mukangodzuka, musanayatse foni kapena wailesi, lembani zimene mwalota, ngakhale zitakhala mizere iwiri, chifukwa amene sakumbukira maloto ake sangadziwe n'komwe kuti anazindikira. Pakatha milungu ingapo mudzaona zinthu zobwerezabwereza, monga kalasi imene munaphunziramo muli mwana, ndipo zimenezo ndizo zidzakutsineni khutu m'tulo. Masana muzidzifunsa moona mtima ngati muli maso: tsinani mphuno muyese kupuma, kapena werengani mawu a pabolodi, yang'anani kumbali, muwerengenso, pakuti m'maloto mpweya umadutsa ndipo zolembedwa zimakonda kusintha. Chitaninso chimodzimodzi mukadzuka, popeza pali maloto ena amene munthu amalota kuti wadzuka.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya LaBerge yotchedwa MILD, yodzikumbutsa pogona kuti uzindikire ukamalota. Tulo timazungulira pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo gawo la REM limatalika chakum'bandakucha. Choncho dzukani mutagona maola asanu, kumbukirani loto limene mwangotulukamo, ndipo pobwerera kukagona muzinena mumtima kuti nthawi ina ndikalota ndikumbukire kuti ndikulota, uku mukudziona muli m'loto lomwelo mutazindikira. Denholm Aspy wa pa yunivesite ya Adelaide ku Australia anayesa zimenezi mu 2017, ndipo amene anaphatikiza njirazi zinawatheka maulendo 17 mwa 100, koma kwa amene tulo tinawagwiranso mphindi zisanu zisanathe chiwerengerocho chinafika pafupifupi 46.

Njira yodzuka usikuyi si ya aliyense. Bambo athu a ku Chitakale aja, amene amalawirira ku munda wa tiyi kusanache, aziyesa usiku wa Loweruka wokha, ndipo inunso aphunzitsi musaichite m'kati mwa sabata ya sukulu. Amene amavutika kupeza tulo kapena akulandira chithandizo cha matenda a maganizo ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo ngati tsiku lina mudzadzuka thupi litauma osatha kutembenuka, musachite mantha: ndi kulefuka kwa minofu kuja kumene kwachedwa kutha, ndipo kumatha kokha pakapita kanthawi kochepa. Aphunzitsi, sungani kopelo mwezi wathunthu, kenaka mutilemberenso kuti timve zimene mwapezamo.