Njere za Morning Glory ndi Ngozi Imene Zili Nayo kwa Agalu

Owonera athu, chomera chimene mukuchiona chikuyanga pampandapa chimatchedwa morning glory. Maluwa ake, ooneka ngati lipenga, amamasula m'mamawa ndipo dzuwa likamapendeka amakhala atafota kale. Mitundu imene anthu amakonda kubzala pokongoletsa pakhomo, monga Ipomoea tricolor ndi Ipomoea purpurea, kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America, ndipo ili pachibale ndi mbatata yomwe masamba ake timadya ngati kholowa. Chibale chimenechi chisatipusitse, chifukwa njere za maluwawa zili ndi poizoni, moti bungwe loteteza ziweto la ASPCA ku America limaika chomerachi m'gulu la zomera zovulaza agalu, amphaka ndi akavalo.

Yang'anitsitsani pamene panali duwa lofota. Pamabwera kachipatso kozungulira, kamene kakauma kamasanduka kofiirira, kenaka kamang'ambika ndi kugwetsa tinjere takuda, tolimba, tocheperako poyerekeza ndi nandolo. M'tinjere timeneti muli mankhwala otchedwa ergine kapena LSA, ofanana kapangidwe ndi mankhwala ozunguza bongo a LSD. Katswiri wa ku Switzerland, Albert Hofmann, ndiye anawapeza m'njerezi m'chaka cha 1960, ngakhale kuti Aaziteki, anthu akale a ku Mexico, ankadziwa kale mphamvu yake ndipo ankazigwiritsa ntchito pa miyambo yawo.

Galu akangotafuna tsamba kapena duwa, kawirikawiri zimathera pa kusanza ndi kutsegula m'mimba. Koma akadya njere zambiri, poizoniyo amafika ku ubongo: galu amadzandira ngati woledzera, amanjenjemera, mboni za maso ake zimakula, ndipo nthawi zina amauwa kapena kuthawa zinthu zimene palibe. Tiana ta agalu ndi timene tili pachiopsezo chachikulu, popeza timatafuna chilichonse ndipo thupi lake ndi laling'ono. Choopsa kwambiri ndi paketi ya mbewu yosiyidwa pakhonde, chifukwa mmenemo galu amapeza njere zambirimbiri pamodzi, zina mwa izo zitapakidwanso mankhwala ozitetezera ku nkhungu.

Apa ndikupemphani kuti mumvetsere bwino. Galu wosokonezeka chotere angathe kuoneka ngati wachiwewe, ndipo kumusiyanitsa ndi maso okha n'kovuta. Musamugwire ndi manja opanda kanthu, chotsani ana pafupi, mutsekereni pamalo abata, opanda kuwala kwambiri, ndipo itanani dokotala wa ziweto msanga. Ngati waluma munthu, balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, munthuyo n'kuthamangira kuchipatala, ngakhale mutakhulupirira kuti vuto ndi njerezo.

Musamumwetse madzi amchere kapena mafuta ophikira pofuna kuti asanze. Mchere wochuluka ndi poizoni paokha, ndipo galu wodzandira angathe kutsamwa, masanzi n'kulowa m'mapapo. Tengani chidutswa cha chomeracho kapena paketi ija kuti dokotala aone, ndipo mumuuze nthawi imene galuyo anadya. Palibe mankhwala apadera ophera poizoni ameneyu. Dokotala angathe kumusanzitsa ngati papita nthawi yochepa, kumupatsa makala akuchipatala amene amamwa poizoni m'matumbo, kumuika diripi ndi kumupatsa mankhwala omukhazika pansi. Agalu ambiri amachira akathandizidwa mwachangu.

Kwa ine, munthu amene ali ndi kagalu kakang'ono ndi bwino azule chomerachi pamalo pamene kagaluko kamasewera. Ngati mukufuna kuchisunga, thotholani maluwa ofota asanabale zipatso, sesani pansi pa mpanda kawirikawiri, ndipo muziyendera malowo mvula ikayamba, chifukwa njere zogwera m'nthaka zimatha kukhala zaka zingapo n'kumeranso.