Ailokano, Anthu Amene Anzawo Amati Ndi Oumira

Zikomo mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Lero tikambe za Ailokano, mtundu wa kumpoto kwa chilumba cha Luzon ku Philippines. Anzawo m'dzikomo amawanena kuti ndi kuripot, ndiko kuti oumira. Tisanawaseke, tiyambe taona kwawo.

Kwawo ndi ku Ilocos Norte, Ilocos Sur ndi La Union, kadera kopanikizika pakati pa mapiri a Cordillera kum'mawa ndi nyanja kumadzulo. Malo olima ndi ochepa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula sigwa kwenikweni. Wokulira pamalo otere sataya kanthu. Minda itachepa, ambiri anasamukira kumadera ena a m'dzikomo, ku Cagayan Valley ndi ku Mindanao, ena mpaka kuzilumba za Hawaii za dziko la America, kumene gulu loyamba la amuna 15 linafika mu Disembala 1906 kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe.

Kuumira kwawoko mukakuona bwino mumphika. Ali ndi tinsomba ta m'nyanja totchedwa monamon, tonga usipa wathuwu. Tikagwidwa tambiri, amatitsuka, kutitsanula madzi, n'kusakaniza mbale zitatu za nsomba ndi mbale imodzi ya mchere. Kenaka amathira mumtsuko wadothi wotchedwa burnay, n'kutseka kukamwa kwa miyezi ingapo. Chotulukamo ndi bugguong, chokometsera ndiwo cha mchere ndi fungo lamphamvu. Mchere ukachepa nsomba zimaola m'malo mopsa. Chotsekera chikakhala ndi mpata, ntchentche zimaikiramo mazira, mtsuko wonse mphutsi zokhazokha.

Bugguong ameneyu ndiye mwini ndiwo yawo yotchuka, pinakbet. Dzinali likutanthauza chinthu chofota. Pansi pa mphika amayala tomato, anyezi ndi jinja, pamwamba pake mabiringanya ndi therere lobala, n'kumalizira ndi parya, chipatso chowawa chonga nkhaka yatiziphuphu. Bugguong amamusungunula m'madzi pang'ono, kusefa minga, n'kuthiramo. Madzi akhale ochepa zedi, poti masambawo atulutsa awo. Mukachulutsa mwaphika msuzi, ndiwoyo sifota. Amayi, apa mumve: chipande sichilowamo. Amavundikira, moto pang'ono, kenaka amagwira mphika uku ndi uku n'kuugwedeza kuti za pansi zibwere pamwamba. Iwo amati ukatakasa, kuwawa kwa parya kumafalikira ndiwo yonse. Ndipo denje uja ena mumamunyoza kuti ndi therere la osauka, kwawoko ndi saluyot, ndiwo yonyadira nayo. Masamba a chammwamba amawatcha marunggay.

Nzimbe nazo amafinya, kuwiritsa madziwo, n'kufulula mowa wotchedwa basi m'mitsuko yomwe ija. Mpweya ukalowa basi amasasa, koma sataya: wasanduka viniga wodyera ndiwo. Mowawu si wouseweretsa. Atsamunda a ku Spain atawaletsa kudzifululira okha, anthu a ku Piddig, tauni ya ku Ilocos Norte, anayamba kuwukira mu 1807.

Tibwere ku chilankhulo. Chiilokano ndi chachitatu m'dzikomo pa kuchuluka kwa ochiyankhula chibadwire, pambuyo pa Tagalog ndi Cebuano, ndipo mu 2012 chigawo cha La Union chinachivomereza kukhala chilankhulo cha boma lake. Wamkulu kwa iwe sumutchula dzina lokha. Wamwamuna ndi manong, wamkazi ndi manang, monga ife timati achimwene, achemwali, ngakhale si m'bale wako. Wamng'ono ndi ading, okalamba ndi apo. Pothokoza amati agyamanak.

Chovuta kwa Mchewa ndi mawu akuti "ife". Kwathu kuno ndi amodzi. Iwo ali nawo atatu. Data ndi iwe ndi ine awirife basi. Datayo ndi ife tonse, kuphatikizapo amene ndikulankhula nawo. Dakami ndi ife, koma inu ayi. Tsono mlendo akakupezani mukudya, nenani mangantayon, tiyeni tidye tonse. Mukaphonya n'kunena mangankami, mwamuuza kuti tikudya ndife, iye angopenya.