Ndani anatiphunzitsa kuti wodwala Edzi amaoneka bwanji?

[Pa sikirini: zikwangwani zakale za Edzi zikudutsa chimodzichimodzi]

Moni nonse amene mukuonera. Ndikati "munthu wodwala Edzi", m'maso mwanu mukubwera chithunzi chanji? Ambiri amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikuona munthu wowonda, nthiti zikuchita kuwerengeka, tsitsi lapyapyala, ali gone pamkeka. Ena tinaziona ndi maso athu pa abale athu, zimenezo n'zoona. Koma chithunzicho chinakhomeredwanso m'mitu mwathu ndi zikwangwani, nyuzipepala ndi wailesi yakanema. M'mayunivesite muli akatswiri amene ntchito yawo ndi kufufuza zimenezi: wajambula ndani, wajambulidwa ndani, ndipo woona chithunzicho akuphunzirapo chiyani. Lero tiyenda nawo pa nkhani ya Edzi, chifukwa pamenepa zithunzi zinapulumutsa anthu, zinapwetekanso anthu.

[Pa sikirini: mwala wakuda wa pamanda, chaka cha 1987]

Tiyambe ndi 1987. Boma la Britain linaonetsa pa wailesi yakanema phiri likuphulika, munthu akusema mawu akuti AIDS pa chimwala cha pamanda, kenako chimwalacho n'kugwa. Timapepala tochenjeza tinatumizidwa kunyumba iliyonse m'dzikolo. Ku Australia, mu April chaka chomwecho, anafika poposa pamenepo. Anaonetsa Imfa itavala mkanjo, chikwakwa chili m'manja, ikugubuduza chimpira cholemera n'kumagwetsa abambo, amayi ndi ana ngati pamasewera a bowling. Cholinga chinali chabwino: kuuza anthu kuti matendawa sasankha. Koma owonera ambiri anamva zina. Kwa iwo, Imfa yogubuduza mpirayo inali amuna ogonana ndi amuna anzawo, amene panthawiyo ndiwo ankadwala kwambiri kumeneko. Wodwala anasanduka wakupha.

Taonaninso kuti m'zithunzi ziwirizi mulibe wodwala weniweni ngakhale mmodzi. Muli manda ndi mantha basi.

[Pa sikirini: Princess Diana akugwirana chanza ndi wodwala]

Mwezi womwewo wa April, ku chipatala cha Middlesex ku London, Princess Diana anagwirana chanza ndi wodwala Edzi osavala magolovesi. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse, ndipo chinaphunzitsa zimene timapepala tinkavutika kufotokoza: kachilomboka sikafala pogwirana chanza. Koma chiyang'anitsitseni. Nkhope ya Diana ikuoneka bwinobwino, pamene wodwalayo wafulatira kamera. Anavomera kujambulidwa pokhapokha nkhope yake isaoneke. Chithunzi chothetsa tsankho chinajambulidwa m'njira yosonyeza kukula kwa tsankholo.

[Pa sikirini: chithunzi cha David Kirby ndi banja lake]

Chithunzi ichi tikhalepo pang'ono. Anachijambula Therese Frare mu 1990 ku Columbus, m'chigawo cha Ohio ku America, iye ali wophunzira payunivesite. Wagona apayo ndi David Kirby, wazaka 32, watsala pang'ono kumwalira. Bambo ake amufungatira mutu akulira, achibale ena akumbatirana pambali. Magazini ya Life inachisindikiza mu November chaka chomwecho. Mu 1992 kampani ya zovala ya Benetton inachipaka utoto n'kuchiika pa malonda ake, chizindikiro cha kampani chili pakona.

Kunabuka mkangano waukulu. Ampingo ena anakwiya chifukwa nkhope ya David inkafanana ndi zojambula za Yesu atatsitsidwa pamtanda. Mabungwe ena othandiza odwala Edzi anati kampaniyo ikugulitsa majuzi ndi imfa ya munthu. Koma makolo a David anali atavomereza okha, chifukwa ankafuna kuti dziko lione kuti wodwala Edzi ndi mwana wa munthu, ali ndi bambo womulira. Ine pamenepa ndimaima ndi banjalo, ngakhale chizindikiro chija pakona chimandinyong'onya. Mwina inu muona mosiyana. Chimene sitingatsutse n'chakuti David tikumudziwa dzina, ndipo a kwawo anafunsidwa.

Odwala ena anali atatopa kale ndi zithunzi zoterezi. Mu 1988, nyumba yoonetsera zaluso ya Museum of Modern Art ku New York itapachika zithunzi za wojambula Nicholas Nixon zoonetsa odwala akufooka pang'onopang'ono, a gulu la ACT UP, lomenyera ufulu wa odwala Edzi, anapita komweko kukagawa timapepala. Dandaulo lawo linali lakuti mukutionetsa tikufa basi, nanga tikamakonda, tikamagwira ntchito, tikamamenyera mankhwala, kamera imakhala kuti?

[Pa sikirini: masamba a nyuzipepala zakunja onena za Edzi ku Africa]

Makamera aja atatembenukira kuno ku Africa, mayina anasowa. Pansi pa chithunzi ankangolemba kuti wodwala Edzi ku dziko lakutilakuti. Mayi wosatchulidwa dzina, pabedi la chipatala kapena pansi pakhonde, maso ali gwa kudenga. Anafunsidwa? Anadziwa kuti nkhope yake ikatuluka mu nyuzipepala ya ku Ulaya? Zithunzizi zinabweretsa ndalama za thandizo, tisaname. Koma zinachititsanso kuti wowerenga wakunja aziona Africa yense ngati wodi imodzi ya chipatala.

Ife eni ake tinali ndi vuto lina, loopsa kuposa kunyozedwa. Ku Uganda matendawa ankawatcha Slim, kuno tinkati kaliwondewonde, ndipo zikwangwani zoonetsa chigoba cha munthu zinangotsimikizira zimene tinkaganiza kale: kuti Edzi imaoneka ndi maso. Chonsecho munthu akhoza kukhala ndi HIV zaka 8 kapena 10 osaonetsa chizindikiro chilichonse, akudya bwino, akulima, akupatsira ena osadziwa. Ndiye mnyamata ankayang'ana mtsikana wojintcha n'kunena kuti, "Ameneyu ali bwinobwino, kondomu ya chiyani?" Kwinaku wodwala shuga, wa TB, ngakhale wongowonda ndi njala kapena maganizo, ankalozedwa chala pamsika: "Mwawaona aujeni mmene atheramo?" Diso linkagamula mlandu umene ukanayenera kugamulidwa ndi kuyezetsa magazi.

[Pa sikirini: khamu la anthu ovala malaya olembedwa HIV POSITIVE]

Yankho lanzeru linachokera ku South Africa. Mu December 1998, Gugu Dlamini, mayi wa ku KwaMashu pafupi ndi Durban, anaphedwa ndi anthu a m'dera lake atangoulula pagulu kuti ali ndi kachilombo. Mwezi womwewo kunabadwa bungwe la Treatment Action Campaign, lomenyera kuti anthu alandire mankhwala, ndipo posakhalitsa mamembala ake anayamba kuvala malaya olembedwa HIV POSITIVE ndi zilembo zikuluzikulu pachifuwa. Luso lake linali apa: malayawo ankavala aliyense, amene ali nako ndi amene alibe. Woyang'ana sakanatha kusiyanitsa. Anthu mazanamazana mumsewu, amphamvu, akuimba, akuvina, onse ndi mawu omwewo pachifuwa. Uloza chala ndani? Mu December 2002 Nelson Mandela anavala malaya amenewa ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, pa kiliniki imene bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linkaperekerapo ma ARV. Nthawi imeneyo boma la Pulezidenti Thabo Mbeki linali likuzengereza kupereka mankhwalawa m'zipatala zake, ndiye chithunzicho chinali chidzudzulo chosafuna mawu.

Kaliboni kofiira kamene timavala pa 1 December nako kanachokera ku maganizo ofanana. Anakapanga mu 1991 ndi gulu la ojambula la Visual AIDS ku New York, ndipo sanakalembetse ngati katundu wawo, kuti aliyense azikagwiritsa ntchito mwaulere.

[Pa sikirini: zithunzi ziwiri za Joseph Jeune, kumanzere ndi kumanja]

Mankhwala atafika, kunabwera mtundu wina wa chithunzi: asanayambe kumwa, ndi atamwa. Chotchuka kwambiri ndi cha Joseph Jeune wa ku Haiti, amene ankathandizidwa ndi bungwe la Partners In Health. Chithunzi choyamba, cha mu 2003, ali mafupa okhaokha, mayi ake akumuchirikiza. Chachiwiri, patapita miyezi 6, wanenepa, akumwetulira, wanyamula mwana. Zithunzi ziwirizi zinathandiza kutseka pakamwa anthu amene ankanena kuti ma ARV sangatheke m'mayiko osauka. Ku Malawi boma linayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004, ndipo m'midzi tinaona zomwezo: munthu amene achibale anali atayamba kale kunong'onezana za bokosi, n'kumuona akupalasa njinga.

Koma taonani, zithunzi ziwirizi zikuphunzitsabe phunziro lakale lija, longotembenuzidwa: wowonda akudwala, wonenepa wachira. Diso likadali woweruza. Ndipo silinachedwe kupeza poyang'ana patsopano. Mankhwala oyamba aja anali ndi stavudine, amene kwa anthu ena ankaphwetsa masaya, kuonda mikono ndi miyendo, mitsempha n'kumaonekera, pamene mimba ikukula. Munthu akumwa mankhwala mokhulupirika, kachilombo katagonja m'thupi, koma nkhope ikumuulula kwa aliyense pa minibasi. Ena anasiya kumwa chifukwa cha zimenezi. Malawi inayamba kuchotsa stavudine mu 2011, kuyambira ndi amayi oyembekezera, ndipo pofika kumapeto kwa 2013 ambiri anali atasinthidwira ku mankhwala okhala ndi tenofovir.

[Pa sikirini: zikwangwani za masiku ano za kuchipatala]

Zikwangwani za lero ndi za anthu omwetulira: banja likudya nsima, mtsikana ali ndi mabuku, bambo ali padimba. Wojambula wa lero ali ndi ntchito yovuta kuposa wa 1987. Uthenga waukulu panopa ndi wakuti munthu amene akumwa mankhwala bwino mpaka kachilombo kuchepa kwambiri m'magazi, moti poyeza kuchuluka kwake sikapezeka, sapatsira mnzake pogonana. Umboni wake ndi nambala yolembedwa pa kapepala kochokera ku labotale, ndipo nambalayo sioneka pa masaya, pa tsitsi kapena pa sikelo. Ndiye mukaona chikwangwani cha munthu wosalala khungu akuseka pakhomo la kiliniki, dziwani kuti chikhoza kukhalanso cha sopo kapena cha banki. Chimene chikusiyanitsa ndi mawu olembedwa pansi pake, ndipo ambiri odutsa pamsewu sawawerenga.