Tsiku la mphunzitsi wa Chingerezi ku Thailand

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, moni nonse. Mwandipempha kuti ndifotokoze za ntchito yomwe ndinagwira zaka zitatu ku Thailand, yophunzitsa Chingerezi pa sekondale ya boma m'chigawo cha Khon Kaen, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Ambiri akandiona amathamangira kufunsa za malipiro ndi za ndege. Ine ndikufuna ndikuuzeni mmene tsiku limayendera, kuyambira m'mawa.

Tsiku limayambira pachipata. Aphunzitsi amasinthana masiku olandira ana, ndipo likafika tsiku langa ndinkakhala nditaima pamenepo pofika 7 koloko. Mwana aliyense polowa amaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu, moni umene iwo amautcha wai. Ikamakwana 8 koloko sukulu yonse ili pamizere, mbendera ikukwera, nyimbo ya fuko ikuimbidwa, kenako mapemphero achibuda ndi zolengeza za ahedi. Iwe mlendo umangoima, thukuta lili kamukamu, osatolapo ngakhale liwu limodzi. Chonsecho zolengezazo ndi zomwe zikusintha tsiku lako. Umalowa m'kalasi ndi zonse zomwe unakonza usiku, n'kupeza mipando yokhayokha, ana apita kokonzekera mwambo wina, ndipo palibe anakumbukira kukuuza m'chilankhulo chomwe umamva.

Phunziro limodzi linkatenga mphindi 50. Ine ndinali ndi makalasi 20, iliyonse ya ana pafupifupi 40, ndipo kalasi iliyonse ndinkakumana nayo kamodzi pa sabata. Werengerani nokha kuti ndi nkhope zingati zimenezo. Nsapato za ana zimatsala panja pa chitseko, zitandandalikidwa bwinobwino. Mutu wa mwana sumaugwira, ngakhale momuyamikira, chifukwa kumeneko mutu amaulemekeza kwambiri.

Sabata yoyamba ndinafunsa funso lophweka, kalasi yonse inangoti zii. Ndinafunsanso. Zii. Ndinkaganiza kuti anawo sadziwa kanthu, koma nditatsegula makope awo ndinapeza malamulo a Chingerezi atalembedwa mwaukhondo, masamba ndi masamba. Chomwe chinkawatseka pakamwa ndi manyazi. Kulakwitsa pamaso pa anzako n'chinthu cholemera kwambiri kwa iwo, ndipo mwanayo amadziwiratu kuti akatsegula pakamwa alakwitsa. Chifukwa chake n'chomveka. Ife timati ndinapita, ndikupita, ndidzapita, mneni akusintha. M'Chithai mneni sasintha ayi, amangowonjezera liwu loti dzulo kapena mawa. Komanso l akakhala kumapeto kwa liwu iwo amamutchula ngati n. Choncho mwana amene akulankhula Chingerezi akulimbana ndi lilime lake lomwe.

Ndinazimvetsa zimenezi kumsika, osati m'kalasi. Chithai chili ndi makwezedwe a mawu asanu. Inu mukudziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timausiyanitsa ndi mmene takwezera mawu. Kumeneko n'chimodzimodzi, koma pa liwu lililonse. Liwu loti khao likhoza kutanthauza mpunga, nkhani, kapena chinthu choyera, malinga ndi mmene walitchulira. Madzulo ena ndinaima pamaso pa mayi wogulitsa chakudya, ndikufuna mpunga, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ndipo liwulo silinkatuluka bwino. Ndinamva kutentha kumaso. Ndinafuna kungoloza ndi chala n'kuchokapo. Koma mayi aja sanaseke, sanafulumirenso. Analitchula pang'onopang'ono, dzanja likusonyeza mmene mawu akutsikira, katatu konse, mpaka ndinalipeza, ndipo anagwedeza mutu n'kundipakulira. Pobwerera kunyumba ndinkangoganiza za ana anga aja. Manyazi omwe ine ndinawamva kwa mphindi imodzi, iwo ndinkawasenzetsa sabata iliyonse.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuimiritsa mwana mmodzi pamaso pa onse. Ndinkawaika awiriawiri kuti onse alankhule nthawi imodzi, chifukwa m'phokoso munthu wamanyazi amapeza pobisala. Ndinasiyanso kumudula mwana pakati pa chiganizo. Zolakwa ndinkazisunga, n'kudzazilemba pabolodi kumapeto popanda kutchula mwini wake. Panali mtsikana wina wa chaka chachiwiri cha sekondale, chomwe amachitcha Mathayom 2, amene kwa miyezi inayi sindinamvepo mawu ake. M'mawa wina pachipata, atapereka wai, anaima n'kundiuza m'Chingerezi kuti galu wake wabereka ana asanu. Mneni anamulakwitsa. Sindinamukonze. Ndinamufunsa mayina a tiagaluto, ndipo anayankha.

Achinyamata, apa mvetserani. Kulankhula Chingerezi ndi kwina, kuchiphunzitsa ndi kwinanso. Pali maphunziro ake. Odziwika kwambiri ndi a CELTA a ku Cambridge, a maola 120, momwe umaphunzitsa anthu enieni kwa maola osachepera 6 wina akukuyang'anira. Mapepala nawonso si masewera. Pamafunika digiri, viza ya Non-Immigrant B, chilolezo chogwirira ntchito, ndi chilolezo cha bungwe la aphunzitsi lotchedwa Khurusapha. Masiku 90 aliwonse umakadziwitsa a zolowa ndi kutuluka komwe ukukhala. Wina akadzakuuzani kuti bwerani pa viza ya alendo, mapepala tidzakonza mukayamba, ameneyo akukuikani pamoto, chifukwa wogwidwa mudzakhala inu.

Mgwirizano wa ntchito muuwerenge mpaka mzere womaliza. Chaka cha sukulu chimayamba pakati pa Meyi n'kutha mu Malichi. Kampani yomwe inandipezera ntchito chaka choyamba sinkalipira miyezi ya tchuthi, ndipo ndinazindikira mu Epulo, mwezi wotentha kuposa yonse, lendi ikundidikira. Zinalembedwamo, ine ndi amene sindinafunse. Palinso china chomwe chimandiwawa mpaka lero. Zotsatsa ntchito zambiri zimafuna anthu a ku America, Britain, Canada, Australia, New Zealand kapena Ireland. Ife ena amatifunsa mayeso a Chingerezi otchedwa TOEIC, ndipo kawirikawiri malipiro amakhala otsika, pomwe choko ndi chimodzi, ana ndi omwewo. Mupite mukudziwa.

Madzulo ndiwo ovuta. Ana akaweruka cha m'ma 4 koloko, umabwerera m'kachipinda kako, fani ikuzungulira, makope ali mulu patebulo. Tsiku lonse walankhula, koma sunacheze ndi munthu. Chinandithandiza ine n'kudyera limodzi ndi aphunzitsi anzanga masana, ngakhale pomwe sindinkamva nthabwala zawo, ndi kuphunzira zilembo zawo. Makonsonanti okha alipo 44, ndipo amene ankandiyesa mayeso anali ana anga omwe, mokondwera kwambiri.

Mu Juni, tsiku Lachinayi, kumakhala mwambo wa Wai Khru, wolemekeza aphunzitsi. Ana amabwera chogwada, atanyamula maluwa omwe akonza okha. Mwa maluwawo mumakhala lina lotchedwa khem, kutanthauza singano, kupempha kuti nzeru zikhale zakuthwa. Chaka changa chachitatu, amene anandibweretsera maluwa anali mtsikana wa tiagalu uja, ndipo ndinamuthokoza m'Chithai.

Ndaona amayi apo akweza dzanja kalekale. Funsani, amayi.