Yezani khoko musanathiremo onga

Zikomo apampando. Abale anga, ndiyambe ndi lamulo: kuno ku South Africa, lamulo la mfuti la 2000 limalola munthu kudzaza yekha zipolopolo pokhapokha ali ndi laisensi ya mfutiyo. Amene mulibe, ingomverani kuti mudziwe.

Ili m'manja mwangali ndi khoko la .308 Winchester, kachitini ka brasi kosungira onga ndi chipolopolo. Mukaomba limafufuma, ndipo mukalifinya mu die, chitsulo choumbira makoko, kuti libwerere mwakale, limatalika pang'ono kukhosiku. Malire ake ndi mainchi 2.015. Likapyola, khosi limapanikizika kutsogolo n'kutsina chipolopolo, mphamvu ya onga n'kukwera moopsa. Tengani caliper, chida choyezera utali, yezani lililonse, lalitali mulidule lifike pa 2.005. Apa palibe chovuta.

Pamene pagona nkhani ndi pa headspace. Umenewu ndi mtunda wochokera pankhope ya bolt, chitsulo chotsekera khoko kumbuyo, kukafika pomwe khoko limatsamira m'kati mwa mfuti. La .303 British limatsamira pamkombero wa kumunsi, la .375 H&H pa lamba wake, koma ili limatsamira paphewa, apa pamene khoko limayamba kuchepa kulowera kukhosi. Okonza mfuti amayeza ndi zitsulo ziwiri: GO ya mainchi 1.630, yomwe bolt iyenera kutsekera, ndi NO-GO ya 1.634, yomwe siyenera kutsekera. Kusiyana kwake, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi basi.

Ndiye ambiri timatani? Timamanga die mpaka pansi, phewa n'kubwerera m'mbuyo kwambiri, ife n'kumasangalala kuti bolt ikutseka mofewa. Kufewa kumeneko ine sindikukhulupirira. Khoko lotero limasewera m'kati. Poomba, kutsogolo kwake kumakakamira kumakoma, tako lake n'kubwerera kukagunda bolt, ndipo brasi imatanuka pamwamba pang'ono pa takolo. Mukabwereza kangapo imapyapyala, kenaka khoko limaduka pawiri, mpweya wotentha n'kukuthamangirani kumaso. N'chifukwa chake magalasi sitivula.

Chitani chonchi. Khoko loomberedwa m'mfuti yanuyo, osati ya mnzanu, muliyeze ndi comparator, kachida komangirira pa caliper, kuchokera kutako kufika paphewa, mulembe nambalayo. Kenaka tsitsani die pang'onopang'ono mpaka phewa litabwerera ndi mainchi 0.002 okha. Mfuti ya bolt imakhuta nazo.

Achimwene kumbuyoko mwafunsa za makoko akale. Yang'anani kamzere kowala kozungulira pamwamba pa tako, chizindikiro choti mwina brasi yapyapyala. Mukakayikira, pindani kawaya kunsonga, mukalowetse m'kati n'kukanda khoma. Kakakodwa pakangalande, khokolo liphwanyeni ndi pulayala. Nali lina lotero, liyende m'manja aliyense akande yekha.