Yankho langa kwa bambo wa mu chapa ya ku Zóbuè

Moni nonse akumudzi ku Malawi amene mukundimvera kuno ku Moatize, ku Ulónguè ndi kwina kulikonse kumene mukusakako ndalama. Ndangotsika kumene mu chapa, minibasi ya kuno, yochokera ku Zóbuè, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Tinali titathithikana monga mwa masiku onse pamene bambo wina wachikulire, wa kalankhulidwe ka ku Ntcheu, anayamba kunyoza dziko lino la Mozambique kuti linawola chifukwa silimanga amuna ogonana okhaokha. Kumpando wakumbuyo kunali mnyamata amene ena ankamuloza ndi milomo n'kumaseka, ndipo iye anangozyolika, atakumbatira chikwama chake. Bamboyo anati makhothi asatisokoneze, atifunse ife ambiri tivote, nkhani ithe. Ndinati, "Bambo, mundilole ndiyankhepo," koma phokoso linandiposa, n'chifukwa chake ndikuyankhira pano.

Dziko la Mozambique sililola maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, pakuti lamulo la mabanja limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Chimene chinachitika mu 2015 n'chakuti malamulo atsopano a milandu anachotsa ndime yolanga amuna ogonana okhaokha imene Apwitikizi anaisiya kuyambira 1886, ndipo anaichotsa ndi aphungu, osati oweruza. Kusatsekeredwa m'ndende ndi nkhani ina, kuloledwa kukwatirana ndi nkhani inanso. Kumene khothi linatsogolera ndi ku South Africa, kumene mu 2005 oweruza anapatsa Nyumba ya Malamulo chaka chimodzi, ndipo lamulo lololeza maukwatiwa linatuluka mu 2006.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, ukwati wanga uli ndi ankhoswe mbali zonse ziwiri, ndipo mumtima mwanga ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Izi sindibisa. Koma mawu akuti "ife ambiri" amandiopsa, chifukwa ine kuno sindili m'gulu la ambiri. Bwana wina atandibera malipiro a miyezi ingapo, anthu oyandikana nawo ankati mlendo alibe pakamwa, ndipo akanati avote tsiku limenelo, ndikanabwerera kumudzi chimanjamanja ndi thumba la mapulasitiki lokha. Chinandiimira ndi pepala limene tinasainirana, ndipo ndalama zanga ndinazitenga zonse, chifukwa Mmalawi wogwira ntchito padzuwa la ku Tete si munthu womuseweretsa. Abale athu amene anathamangitsidwa ku Durban mu 2015 mpaka boma kuwatumizira mabasi akudziwa bwino zimene khamu limachita likakwiya.

Timaiwalanso msanga. Pa 3 February 2020 oweruza asanu okha anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha Tipp-Ex, ndipo ife tinavina mpaka kuno, tikudzitama pamaso pa anzathu a ku Mozambique kuti kwathu makhothi ali ndi mano. Palibe anadandaula kuti anthu asanu ndi ochepa. Ena adzati oweruzawo ankateteza mavoti a anthu ambiri. N'zoona, koma anawateteza powerenga malamulo oyendetsera dziko ndi kusanthula umboni, osati pomvera amene ankakuwa kwambiri mumsewu. Sitingamayamikire khothi likatikomera n'kulitukwana likangovomera kumva mlandu wa munthu amene sitimukonda.

Bamboyo akanadziwa, khothi la kwathu linagamula momukomera iye. Mu 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anachita zionetsero ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mu June 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linasiya malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha monga analili, n'kunena kuti owasintha ndi aphungu. Chigamulocho ndikuchilemekeza, ngakhale chilango chake chimandiwawa. Mukukumbukira awiri aja a chinkhoswe cha ku Blantyre amene anapatsidwa zaka 14 pa mlandu womwewu mu 2010, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations panthawiyo, atabwera. Zaka 14, abale anga, kwa anthu akuluakulu amene sanabe kapena kupha!

Ngati nkhaniyi ipite kwa aphungu, ipite, koma eni nkhaniwo apatsidwe mpata wolankhula pamaso pa komiti popanda kuopa kuti apolisi akuwadikira pakhomo, chifukwa malinga ndi mmene lamulo lilili lero, munthu wokafotokoza za moyo wake akhala akudziulula yekha mlandu.