Chipolopolo chophera nkhandwe ku Karoo: tuu-tuu-firii kapena anzake aja?

Zikomo a tcheya, zikomo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Amayi, mwanayo musamutulutse ayi, akalira tizingopitiriza.

Paja mwezi watha achimwene ena anadandaula pano kuti abwana awo ayamba kuwatenga usiku kokasaka nkhandwe, ndiye pa baki (galimoto ya pikapu) paja akumangomva manambala a zipolopolo okhaokha, .223 (tuu-tuu-firii), .243, .22-250, iwo nkumangoti "ja baas" osadziwa kuti akuvomera chani. Ndiye a tcheya anati ndifotokozeko ine poti ndakhalitsa pa famu ya nkhosa kufupi ndi tawuni ya Beaufort West kuno ku Karoo, dera louma la South Africa, ndipo ntchito yanga nyengo yoswa nkhosa ikafika ndi yogwira layiti pa baki, kunyamula kasipika koitanira nkhandwe kaja, komanso kukatola zomwe zagwa. Ndaona zipolopolo zambiri zikugwira ntchito ndipo zina ndaziona zikuchititsa manyazi.

Koma ndiyambe ndi za boma kaye kuti wina asakanene kuti ndinamutuma ine. Kuno ku South Africa lamulo la mfuti ndi Firearms Control Act la 2000, ndipo kuti munthu apatsidwe pepala loti ndi woyenera kukhala ndi mfuti ayenera kukhala nzika kapena wa permanent residence, wa zaka 21 kupita mtsogolo. Ambiri a ife muno tili pa mapemiti a ntchito, ena ngakhale pemitiyo, aaa tisaulule zambiri. Ndiye mfuti si yanu. Lamulo limalola mwini laisensi kukugwiritsani mfuti yake iye ali pomwepo akukuyang'anirani, osati iye ali ku tawuni inu muli nayo ku khola. Ndipo chipolopolo chamoyo ngakhale chimodzi chikapezeka m'thumba la ovolosi yanu pa rodibuloko, ndi mlandu. Musamatole kuti mukaonetse ana kumudzi. Kusaka usiku ndi layiti nakonso kumafuna pemiti, kuno ku Western Cape amapereka ndi a CapeNature, bungwe la boma loona zachilengedwe, imeneyo ndi nkhani ya abwana koma si kulakwa kufunsa mwaulemu ngati ilipo.

Tsopano chipolopolocho. Ife tinazolowera gogodela ya agogo, kuthira onga kukamwa, kusinja, kuika tizitsulo. Izi nzofanana ndithu kungoti zonse anazimanga pamodzi: pali chikhokhombe chachikasu chija, mkati muli onga, kumbuyo kuli kadontho koyatsira moto, kutsogolo ndiye kamutu komwe kamauluka. Nambala ija imanena kunenepa kwa kamutuko pa inchi. Ndiye apa mvetsetsani chifukwa ndi pomwe anthu amasokonekera: .222, .223, .22-250 ndi .220 Swift, zonsezi kamutu kake nkofanana kunenepa, .224 ya inchi, pafupifupi mamilimita 5.7. Kusiyana kuli pa botolo la kumbuyoko, kuti mukulowa onga wochuluka bwanji. Zili ngati njinga imodzi yomweyo koma wina akupalasa ndi mwana wa sukulu, wina ndi mnyamata wa kabaza wa pa Dedza. Kulemera kwa kamutu amayeza mu ma grain, ma grain 15 ndi kanthu pang'ono ndiye galamu imodzi, ndiye mukamva "55 grain" ndi kanthu ka magalamu atatu ndi theka basi. Kochepa kuposa ndalama yachitsulo koma liwiro ndi lomwe limapha.

Nkhandwe yomwe tikulimbana nayo, ya msana wakuda ija aBuno amati rooijakkals, si chinyama chachikulu, yambiri sipitirira makilo 10 kapena 12, galu wa kumudzi amaiposa. Chifuwa chake nchaching'ono, ukachotsa ubweya malo oti uwombe ndi ngati mbale ya ndiwo. Mnzake ndi rooikat, mphaka wamtchire wofiirira wa nsonga zakuda m'makutu uja, wolemerako pang'ono koma khungu lake ndi lofewa. Ndiye simukufuna mfuti ya njati apa, mukufuna kanthu kothamanga, kowongoka, kosakankha paphewa kuti woombayo aziona mu sikopu, galasi lolozera la pa mfuti lija, pomwe chagwera.

Tiyambe ndi yomwe ine ndimaikonda, tuu-tuu-firii, .223 Remington. Inachokera ku America, anaipangira asilikali kenako inalowa m'masitolo mu 1964, mbale wake ndi 5.56 yomwe asilikali ndi apolisi akuno amaika mu mfuti zawo za R4 ndi R5. Kamutu ka 55 grain kamatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 990 pa sekondi, kutanthauza kuti kamathamanga pafupifupi katatu kuposa phokoso lake lomwe, nkhandwe imagwa isanamve kulira kwa mfuti. Onga wake ndi wochepa, ma grain 25 kapena cha pomwepo, ndiye paipi ya mfuti sitentha msanga, imakhalitsa, ukaika sailensa kukamwa kwa mfuti phokoso limachepa bwino, ndipo chachikulu kwa ine, zipolopolo zake nzotchipirapo komanso zimapezeka paliponse, ku koperasi ya m'tawuni yaying'ono uzipeza. Munthu amene chipolopolo sichikumupweteka m'thumba amayeserera pa pepala masana, ndipo woyeserera ndi amene amalasa usiku.

Abwana anga koma satero, iwo ndi a .22-250 ndipo timakangana chaka ndi chaka. Imeneyi anthu ochenjera ku America anaipanga okha m'ma 1930, anatenga chikhokhombe cha .250 Savage nkuchipana khosi kuti chigwire kamutu kakang'ono, nchifukwa chake dzina lili ndi manambala awiri, kenako a Remington anaitenga kukhala yawo mu 1965. Kwawoko amaphera coyote, yomwe ndi nkhandwe yawo yokulirapo, ndi timbewa ta m'mauna totchedwa prairie dog tomwe amatiombera patali kwambiri. Kamutu komwe kaja ka 55 grain apa kakuthamanga mamita 1,100 ndi kupitirira pa sekondi. Phindu lake ndi loti sikagwa msanga. Mfuti zonse ziwiri mukaziseta pa mamita 200, pofika pa 300 cha .223 chatsika ngati chikhatho chotambasula pomwe cha .22-250 chatsika mocheperapo, ndipo usiku mtunda umanamiza abale, chinthu ukuchiona ngati chili apa chili uko, ndiye chipolopolo chowongoka chimakukhululukira ukaphonya kuyeza. Apa abwana amandiposa, ndivomere. Koma imadya onga ma grain 35 ndi kupitirira, imabangula, paipi imatentha ukangoomba kangapo motsatizana ndipo imatha msanga kukhosi kwake. Paipi yatsopano si ndalama ya masewera.

Yachitatu ndi .243 Winchester ya 1955, iyi anatenga chikhokhombe cha .308 nkuchipana kufika pa mamilimita 6. Imanyamula kuyambira 55 mpaka 100 grain. Alimi ambiri kuno ndi imene ili kuseri kwa mpando chifukwa mfuti imodzi yomweyo iphe nkhandwe usiku, m'nyengo yozizira iphenso springbok, mtundu wa gwape, ya biltong, nyama youma ija, laisensi imodzi ntchito ziwiri. Ndipo pa mphepo ndi mfumu. Mukuidziwa mphepo ya kuno ya mu Ogasiti, yoti chipewa umachita kumangirira. Kamphepo kapakatikati chabe kochokera m'mbali kangathe kukankha kamutu ka .223 pafupifupi rula yonse ya kusukulu ija pa mamita 300, ndiye mbale ya ndiwo ija waiphonya kale. Kamutu kolemera ka .243 mphepo imakavutikira. Kuipa kwake imakankha paphewa kuposa zinazo, imawononga chikopa, komanso ikaphonya imapita kutali zedi.

Zilipo zinanso, .222 ya 1950 yomwe madala ena sangaisiye ngakhale muwapatse chani, .204 Ruger ya 2004 yothamanga koopsa ndi kamutu ka 32 grain koma zipolopolo zake kuzipeza ku dera ngati lino ndi ntchito. Izo tingodutsa.

Bambo mwakweza dzanja. Ehe, akufunsa za ka .22 kakang'ono kaja koomberera akalulu ndi mbira za m'miyala. Ayi bambo, dzina lokha ndi lofanana. Ka .22 LR nkofooka, pa nkhandwe patali kamangovulaza, imathawa nkukafera kuuna patapita masiku, kapena kuchira. Ndi .17 HMR yomwe, ndi yabwino pa tinyama ting'onoting'ono, kamutu kake ndi 17 grain basi, mphepo imakaseweretsa ngati nthenga.

Mwandikumbutsa nkhani ya kuchira ndi kuphonya. Chaka china, kunkazizira koti zala osazimva, tinaima pa kampu ina yodyetsera nkhosa yomwe ana a nkhosa amatha, m'mawa uliwonse timapeza wina wolumidwa pakhosi, pamimba potsegula, zamkati zitadyedwa, ntchito ya nkhandwe imeneyo, galu amangokhadzula paliponse. Ndinaika kasipika mamita ngati 60 kutsogolo, kulira kwa kalulu wogwidwa, tinakhala chete mphindi makumi awiri ine mphuno ikuchucha osayerekeza kufwenthera. Kenako maso awiri mbuu kumanzere, akubwera, akuima, akubwera. Nkhandwe sibwera molunjika, imazungulira kuti mphepo iibweretsere fungo lanu, ndiye uyenera kuipeza isanafike kumene mphepo ikupita. Tsiku limenelo kunabwera mlendo wa abwana wochokera ku Cape Town ndi mfuti yatsopano yodula, sikopu ngati botolo la Fanta lalikulu, madzulo onse amatiuza za liwiro la chipolopolo chake. Ine ndinalakwitsa, ndinanong'ona msanga kuti "daar's hy" (uyo apo) chinthu chikadali kutali mwina mamita 300, munthu uja osadikira, phuu! Fumbi kumbali. Maso aja zii. Abale, nkhandwe imeneyo inatisautsa miyezi, ikangomva kasipika imakhala pa phiri patali nkumatilalatira, kuuza ndi anzake omwe. Tinaitcha pulofesa. Ana a nkhosa omwe inadya pambuyo pake ndimawawerengera pa ine ndemwe ndi pakamwa pangapa. Tikanadikira kuti ifike pa 120, ngakhale .222 ya madala ikanamaliza nkhani. Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nchifukwa chake ine ndimakakamira .223. Usiku ndi layiti kapena ndi makamera oona kutentha aja, zambiri zomwe ndatola ine zinagwa pakati pa mamita 80 ndi 200, ndipo pamenepo nkhandwe singasiyanitse kuti yalasidwa ndi iti. Liwiro lowonjezera lija limangomupatsa munthu mtima woti ayesere patali pomwe samayenera kuyesa.

Kamutu kenikeniko nakonso musakaiwale, mwina nkofunika kuposa nambala. Pali tija tokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga ta asilikali, timeneto timangoboola nkutuluka, tikamenya mwala wa ku Karoo kuno timanjanja nkulira kupita kosadziwika, ndipo kosadziwikako kuli nkhosa, kuli thanki ya madzi, kuli nyumba zathu zomwe. Ta nkhandwe timafunika tophulika mkati, tija ta nsonga ya pulasitiki ngati V-Max ya Hornady kapena ta kabowo kunsonga, tikalowa timasweka pomwepo, tikamenya pansi timaswekanso. Ndipo zipolopolo za asilikali za 5.56 musamaone ngati ndi .223 ndendende poti zikulowa, zimatha kukweza mphamvu mopyola mu mfuti yomwe sinapangidwire zimenezo. Bokosi lizigwirizana ndi zomwe zalembedwa pa paipi.

Inu a layiti, mbali yanu ndi iyi. Maso owala si nkhandwe onse. Kuli kankhandwe ka makutu akuluakulu kaja amati bakoor, kamadya chiswe ndi tizilombo, sikagwira nkhosa. Kuli aardwolf, amaoneka ngati kafisi ka mizeremizere, nayenso chakudya chake ndi chiswe, mano ake ngofooka. Kuli kagwape kotchedwa steenbok, kuli ana a nkhosa omwewo, kuli galu wa neba. Woomba ali mu sikopu amaona kadera kakang'ono, inu ndi amene mukuona dziko lonse, ndiye osanena kuti "skiet" (womba) musanaone thupi, mchira ndi mayendedwe ake, komanso chomwe chili kuseri kwake. Nkhandwe ikaima pamwamba pa chitunda kumbuyo kwake kuli thambo lokha, isiyeni, chipolopolo chimenecho chikaphonya chimakatera makilomita angapo kutsogolo. Ndipo m'makutu muziikamo timapulagi, ine khutu lakumanjali linayamba kale kulira lokha chifukwa cha .22-250 ya abwana asanagule sailensa.

Amayi akufunsa kuti nanga tikuphabe chaka ndi chaka bwanji sizikutha. Funso labwino. Nkhandwe zimakhala ziwiriziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndi dera lawo lomwe zimalondera. Mukapha eni dera, achinyamata oyendayenda amalowamo, nthawi zina ochuluka kuposa kale. Ndiye mfuti payokha siimaliza, mafamu omwe zikuyenda bwino ndi omwe waya wotchinga nkhandwe wa jakkalsproef akumuyendera nkutseka mabowo omwe akumba anjiri, ena aika agalu akuluakulu a Anatolian okhala ndi nkhosa, ena abwezeretsa abusa nkumatsekera m'khola usiku ngati kwathu. Imeneyonso ndi ntchito yathu, ndipo kuyenda ndi waya masana kulibe mlandu wa pemiti yosakira.

A tcheya akundiloza wotchi. Achimwene munafunsa aja, mawa mukaone pa paipi ya mfuti ya abwana anuwo pafupi ndi sikopu, nambala inadindidwa pamenepo, osaigwira, kungowerenga, mudzandiuze mwezi wamawa. Nsima ija ikuzizira, tiyeni amayi atitsogolere pemphero.